Mukufuna kukapuma pa loji ya phee ku Salima? Yambani ndi foni

Ndinagwirapo ntchito pa risepishoni pa loji ina kuno ku Salima kwa zaka zingapo ndithu, nde chomwe chinkandimvetsa chisoni kwambiri ndi anthu aja ochokera ku Lilongwe, asunga ndalama miyezi itatu kuti akapume ndi akunyumba, afika Lachisanu madzulo atatoperatu, kungopeza pabwalo amanga matenti a ukwati, masipika ali gu gu gu mpaka 2 koloko usiku. Munthu kubwera pa kaunta maso ali psuu kufuna ndalama yake. Ndalama sinkabwerera ayi. Nde ndati ndikuuzeni momwe mungachitire ngati chomwe mukufuna ndi malo apamwamba aja a phee, okhala ngati nyumba ya pa esiteti, zipinda zochepa, kapinga, mitengo ikuluikulu, kumamva mbalame basi.

Poyamba penipeni osachita bukingi pongoona zithunzi pa Facebook. Zithunzi sizijambula phokoso. Imbani foni, ndipo mufunse funso ili momveka bwino: kodi masiku amenewa kuli ukwati, bridal shower, kapena wekishopu? Salima ili makilomita pafupifupi 100 okha kuchokera ku Lilongwe, nde mabungwe ndi a m'boma amakonda kudzachitira misonkhano yawo kuno, Lolemba mpaka Lachisanu malo ambiri amadzadza anthu ovala mabaji, pa bala pamakhala macheza mpaka usiku, pa bulekifasi mzere ngati pa chigayo. Wikendi nde maukwati. Wa pa risepishoni sangakuuzeni yekha zimenezi, ifeyo tinkauzidwa kuti tidzadzitse zipinda basi, koma mukafunsa mwachindunji ambiri amanena zoona. Mufunsenso kuti zipinda zonse zilipo zingati. Malo a zipinda 8 kapena 12 ndi osiyana kutalitali ndi hotela ya zipinda 60 yokhala ndi holo ya misonkhano, olo onse atalemba kuti ndi malo opumulirako.

Masiku oti muwapewe ngati mukufuna bata mukuwadziwa kale, 15 October tsiku la anakubala, Khirisimasi, nyuwele, Isitala. Pa Mother's Day ku Senga Bay kumakhala ngati Lilongwe yonse yasamukira kunyanja, maminibasi, makula bokosi, nyimbo galimoto iliyonse yakeyake. Zosangalatsa inde, koma sizomwe mwalipirira. Ine ndimawauza anthu kuti bola kufika Lamulungu masana kuchoka Lachiwiri ngati kuntchito angakuloleni, nthawi imeneyo a wikendi abwerera, ndipo mutha kukambirana mtengo.

Za nyengo mwachidule, June ndi July kumawomba mwera, nyanja imalusa koma usiku tulo timabwera bwino. October ndi November kuno kumatentha koopsa, chipinda chopanda eyakoni kapena fani yamphamvu mudzagona pakhonde. Dzinja kumakongola, kubiriwira konse, kungoti timisewu tafumbi tolowera m'maloji ena timaterera.

Tsopano za ndalama, apa nde pamene anthu ambiri amapsa. Malo apamwamba ambiri ali ndi mitengo iwiri, wa alendo akunja umene nthawi zambiri amaulemba m'madola, ndi wa ife okhala m'dziko muno. Mukaona dola pa intaneti osathawa, funsani kuti resident rate ndi zingati m'makwacha. Kenako mufunse kuti mtengowo ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi, chifukwa malo ngati amenewa amakonda kuwerengera pamutu, inu nkumati mwapeza zotchipa kumapeto bilu kubwera kawiri. Funsaninso ngati VAT ndi tourism levy, msonkho wa zokopa alendo, zili kale mkati. Ndipo za chakudya mumvetsetse, kuli bedi ndi bulekifasi basi, kuli half board kumene amawonjezera chakudya chamadzulo, kuli full board kumene mumadya katatu. Pa loji yomwe ili kutali ndi tauni tengani half board kapena full, chifukwa palibe lesitilanti ina pafupi yoti nkuthawirako, ndipo kugula mbale imodziimodzi kumapweteka thumba. Zonse mwagwirizanazo auzeni azilembe pa WhatsApp kapena imelo musanatumize dipoziti pa Airtel Money kaya Mpamba kaya ku banki. Ndinaonapo mikangano yambiri ya "koma amene ndinalankhula naye anati" pamene wolankhulayo ali pa ofu.

Chipinda musangolandira chilichonse. Pemphani chotalikirana ndi bala, khitchini ndi jenereta. Jenereta imeneyi anthu amaiwala, magetsi akathima imabangula usiku onse, nde funsani ngati ali ndi sola kapena jenereta ndipo ili mbali iti. Ngati mukupita ndi agogo pemphani chopanda masitepe.

Ulendo wake, mukachoka ku Lilongwe pa M14 mudutsa pa Chezi ndi Mvera kutsetsereka mapiri aja, muwerengere maola awiri osathamanga, pali makona ndi malole, komanso njinga ndi mbuzi mukayandikira kuno. Thirani mafuta okwanira kupita ndi kubwerera mukadali mtauni. Nyamukani masana kuti mufike kukuwala, malo ambiri a phee alibe chikwangwani chachikulu ndipo netiweki imatha mukangopatuka pa tala, bola kufunsiratu njira pa foni mukadali pa Kamuzu Road, pa tauni ya Salima, pomwepanso mutapiretu kakashi pa ATM. Ku Senga Bay ndi makilomita ngati 20 kuchokera pa boma. Amene mukufuna kutchire kwenikweni mukhotera pa Kaphatenga kulowa M5 kulunjika Nkhotakota, kumene kuli nkhalango ya nyama ija bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015, nkubweretsako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. M'mbali mwa mtsinje wa Bua muli maloji oti usiku umangomva madzi ndi achule. Koma umenewo ndi ulendo wautali, wa tsiku limodzi sungakome, pamafunika masiku atatu.

M'chikwama musaiwale mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, malungo a kunyanja si masewera, neti igwetseni dzuwa likamalowa olo chipinda chikhale chokongola bwanji. Tochi, kajuzi ngati ndi nthawi yozizira, nsapato zoyendera. Zakumwa zanu funsani kaye, ena amakaniza, ena amalipiritsa corkage pa botolo lililonse lomwe mwabwera nalo.

Mukafika, malo ambiri amalowetsa cha m'ma 2 koloko masana, kutuluka 10 koloko m'mawa. Chakudya cha m'malo ang'onoang'ono samaphikiratu chambiri ngati ku hotela yaikulu, amaphika molingana ndi alendo omwe alipo, nde ngati mukufuna chambo chootcha kapena kampango, kaya nsima m'malo mwa mbatata zija, auzeni m'mawa kuti akagule kwa asodzi. Osachita manyazi kupempha nsima, ashefu athu amasangalala kwambiri akaphikira munthu woidziwa. Wodwala shuga kapena wosadya nkhumba nenani pochita bukingi pomwe.

Koma pali china chomwe ife Amalawi chimativuta, tinene chilungamo. Timafika pamalo a phee nkuyamba kuona ngati pasowa kanthu, kutulutsa sipika ya Bluetooth, kuimbira anzathu a ku Salima konkuno kuti bwerani tili pakuti, ola limodzi lokha pakhonde pali anthu 9. Enawo analipiranso bata lomwelo mwalipira inu. Alendo obwera kudzakuonani malo ambiri amafuna muwadziwitse kaye, ndipo ena salola ana aang'ono, funsiranitu musanalonjeze ana ulendo. Tsiku loyamba kukhala chete kumasowetsa mtendere, dzanja limangopita pa foni, koma lachiwiri thupi limazolowera, umapezeka wagona masana pansi pa mtengo osadziwa kuti wagona nthawi yanji.

Osadzadza pulogalamu. Chinthu chimodzi patsiku chakwana. Ku Kuti Wildlife Reserve pafupi ndi boma mutha kuyenda pansi kapena pa njinga kuona mbidzi ndi agwape popeza kulibe mikango, pitani m'mamawa kusanatenthe. Kunyanja kuli maboti opita ku chilumba cha Namalenje chimene azungu amati Lizard Island, pemphani a pa loji akupezereni bwato lokhala ndi majekete, ndipo mtengo mugwirizane musanakwere. Posambira funsani ogwira ntchito pomwe pali pabwino, pewani m'mabango ndi madzi osayenda chifukwa cha likodzo, komanso pafupi ndi mathiriro a mitsinje kumapezeka ng'ona ndi mvuu.

Potuluka pemphani bilu usiku wake, muiwerenge modekha muli m'chipinda, chifukwa zakumwa za tebulo lina zimatha kusochera nkulowa kwanu, sikuti mwadala nthawi zonse. Za tipu funsani ngati pali bokosi la onse. Mukapatsa weita yekha, amayi ochapa, aulonda ndi achimwene aja amasesa kapinga 5 koloko m'mawa sapezapo kanthu, pomwe bokosi lija amagawana onse mwezi ukatha.