Kuveka Kavalo wa Kachidole Zida Zachitsulo

Funso ndi lakuti munthu angaumbe bwanji zida zachitsulo pa kavalo wa kachidole ka mamilimita 28 kuti afanane ndi akavalo ankhondo a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1400.

Choyamba, yang'anitsitsani zithunzi za zida za ku Germany za cha m'ma 1480 zomwe zili ku Wallace Collection, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku London. Kenako palani manyenje ndi zingwe za pachifuwa ndi kampeni kuti Green Stuff, phala loumbira lomwe limalimba likauma, ligwire bwino.

Yambani ndi chanfron, chitsulo chophimba nkhope, koma maso muwasiye poonekera. Khosi ndilo limafuna kudekha, pakuti crinet, chida chophimba khosi, inali timapale tosanjikizana ngati mamba a nsomba, choncho ikani mzere umodzi wa phala, uyambe wauma musanaike wina, ndipo muzinyowetsa chida chanu ndi madzi kuti phala lisakakamire. Peytral yophimba pachifuwa ndi crupper yophimba kumbuyo zikhale zotukuka pang'ono kuti miyendo ioneke yomasuka.

Pomaliza pakani utoto wakuda, ndiyeno wasiliva. Ndikulangizani kuti akavalo ena muwasiye opanda zida, popeza zinali zodula kwambiri moti ankazikwanitsa ndi olemera okha.