Momwe mungaperekere magazi koyamba kuno ku Zomba, ngakhale muli ndi mantha

Amene anagonapo pasimenti kudikirira m'bale wake kuchipatala amawadziwa mawu aja namwino amanena motsitsa: "A gadiyani, odwala anu akufunika magazi." Pamenepo ndiye mafoni amayamba. Amalume a ku Chinamwali akuti adzuka ndi chimfine, msuweni wa ku Jali foni yake yangozima, alamu akuti akubwera koma mpaka dzuwa kulowa osaoneka. Sikuti anthuwa ndi ouma mtima. Ambiri ndi mantha chabe, mantha a chinthu chimene sanachionepo ndi maso. Ndiye ndati ndifotokoze zimene zimachitika kuyambira polowa mpaka potuluka, kuti mudzapite nokha tsiku loti palibe m'bale wanu ali mu kayakaya.

Dziwani kopita, ndi nthawi imene mukufunika kwambiri

Bungwe limene limatolera magazi, kuwayeza ndi kuwagawa m'zipatala m'dziko muno ndi Malawi Blood Transfusion Service, ambiri amangoti MBTS. Linakhazikitsidwa mu 2003 ndipo lili ndi nthambi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka. Ife a ku Zomba nthawi zambiri ndi iwo amene amatitsatira: galimoto yawo imafika m'masukulu a sekondale, m'makoleji, m'malo opempherera, nthawi zina n'kumanga tenti pamalo podutsa anthu. Ngati simunamve kuti abwera liti, funsani ku labotale ya chipatala chachikulu cha Zomba kapena chipatala chimene muli nacho pafupi.

Koma dziwani ichi. Magazi ambiri m'Malawi muno amachokera kwa ana asukulu. Masukulu akatsekera, mafiriji amayamba kupepuka. Ndiye holide ya Khirisimasi imagwera m'dzinja, nthawi imene malungo amakhala atavuta, ana aang'ono akufika kuchipatala zikhatho zili mbee, magazi atatha. Azimayi otaya magazi pobereka nawo sadikira kuti sukulu zitsegulire, chimodzimodzi ochita ngozi pa msewu wa M3 uwu. Pa 14 June, tsiku lokumbukira opereka magazi padziko lonse, anthu amabwera ndithu chifukwa pamakhala zoimbaimba ndi ma T-sheti. Inu ngati mungathe, sankhani December kapena January.

Dziyeseni nokha muli kunyumba

Muyenera kukhala ndi zaka kuyambira 16 mpaka 65, ndipo tsikulo mudzuke bwino. Ngati mukumva malungo, chimfine, kutsegula m'mimba, kapena mukumwa mankhwala a matenda ena ake, dikirani muchire kaye. Mayi woyembekezera sapereka, amene wangobereka kumene kapena akuyamwitsa nayenso ayambe wadikira. Ngati mwachitidwa opaleshoni posachedwa, mwaboola khutu, mwajambulitsa pakhungu kapena mwatemedwa mphini, kanenani. Za mphinizi anthu amachita nazo manyazi, koma lezala limene latema anthu angapo ndi njira ya matenda ngati ina iliyonse. Sakudzudzulani, angokuuzani kuti mudzabwere liti.

Idyani, imwani madzi

Apa ndi pamene ine ndinalakwitsa ulendo wanga woyamba. Ndinaganiza kuti zili ngati poyezetsa shuga, ndiye ndinapita wosalawa kanthu, nditayenda wapansi kuchokera ku Matawale dzuwa lili phwee. Zonse zinayenda bwino mpaka pamene ndinadzuka mwamatama kuti anzanga aone kuti si nkhani. Maso anachita mdima, makutu n'kumalira ngati mwalowa njuchi, kenaka ndinangozindikira ndagonekedwa chagada miyendo atandikwezera pampando, namwino akundifunsa kuti, "Achimwene, mwadya chiyani lero?" Amene anali pamzere awiri anathawa poona ine. Mpaka pano ndimaona ngati matumba awiriwo ndi ngongole yanga.

Ndiye idyani monga mwa masiku onse. Phala, mbatata, tiyi ndi mandasi, nsima ngati ndi masana. Imwani makapu awiri kapena atatu a madzi musanapite. Mowa ayi, ngakhale wa dzulo usiku, matsire ndi singano sizigwirizana.

Mafunso: gawo limene anthu amaliopa osanena

Mukafika amakulembani dzina, kenaka mumakhala awiriwiri ndi wachipatala n'kumakufunsani mafunso. Ena ndi osavuta: munadwalapo chiyani, mukumwa mankhwala anji. Ena ndi a kuchipinda: ngati mwagonana ndi munthu watsopano posachedwa, ngati muli ndi zibwenzi zingapo, ngati munadwalapo matenda opatsirana pogonana.

Yankhani zoona. Mwina mukuti, "Nanga si magaziwo akawayezabe?" Amawayezadi, thumba lililonse: kachilombo ka HIV, matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C, komanso chindoko. Koma munthu akangotenga kumene kachilombo, pamapita masiku, nthawi zina masabata, kasanayambe kuoneka pa zoyezera. M'nthawi imeneyo makina amati magazi ali bwino pamene sali bwino. Amene angatseke mpata umenewu ndi inu nokha, ndi pakamwa panu. Thumba limenelo mwina likathera mwa khanda la miyezi isanu. Mukaona kuti simungayankhe zoona, palibe chovuta kungonena kuti lero simupereka, n'kutuluka. Palibe amene akuthamangitseni.

Ndipo tinene mosabisa: achinyamata ambiri amene amati "ndimaopa singano" sakuopa singano. Akuopa kumva zotsatira. Ena amachita zosiyana, amabwera kudzapereka magazi kuti ayezedwe mozembera, posafuna kuonedwa pakhomo la koyezetsa. Onse awiri ndikuwauza chimodzi: ngati muli ndi nkhawa, yambirani koyezetsa HIV, ndi kwaulere ndipo zotsatira mumazimva tsiku lomwelo. Kopereka magazi si koyezetsera. Zikachitika kuti m'magazi mwanu mwapezeka vuto, amakuuzani inu nokha mwachinsinsi, osati aphunzitsi, abwana kapena abusa anu. Ambiri amene ali ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B sadzimva kalikonse kwa zaka, ndipo kudziwa msanga n'kumene kumathandiza.

Sikelo, BP ndi kachala

Amakukwezani pasikelo, chifukwa munthu wochepa thupi kwambiri sayenera kuchotsedwa magazi ochuluka chotero. Amayeza BP, kenaka amabaya kunsonga kwa chala n'kutenga kadontho kuti aone ngati muli ndi magazi okwanira. Ena amaika kadonthoko pa kamakina, ena amakadonthezera m'kabotolo ka madzi abuluu: kakamira msanga ndiye kuti zili bwino, kakamayandama akubwezani. Atsikana ambiri amabwerera pamenepa chifukwa cha msambo, ndipo ena amakhumudwa ngati alephera mayeso. Musatero. Kadyeni nyemba, bonongwe, chisoso, matemba a ku Chilwa, chiwindi mukachipeza, mudzayesenso.

Singano yeniyeniyo

Sindikunamizani, ndi yaikulupo kuposa ya jakisoni wa malungo. Koma kuwawa kwake ndi kwa kamphindi kobaya kokhako. Amakugonekani pa kabedi kapena pampando wotsamira, amamanga mkono pamwamba pa chigongono kuti mtsempha utuluke, amapukuta ndi mankhwala, kenaka tswii. Singanoyo imabwera yolumikiza kale ku thumba lake, amaitsegula inu mukuona, ndipo ikagwira ntchito kamodzi imatayidwa. Simungatenge matenda popereka magazi.

Amakupatsani kanthu kofinya m'manja, inu n'kumafumbata ndi kutambasula pang'onopang'ono. Ngati simufuna kuona, yang'anani kumbali muzicheza ndi wa bedi linalo. Thumba limadzadza m'mphindi zisanu mpaka khumi, ndipo amatenga pafupifupi mamililita 450, osakwana n'komwe botolo la theka la lita. Munthu wamkulu amakhala ndi malita pafupifupi 5. Mukamva chizungulire, nseru kapena thukuta lozizira, nenani pompo, musalimbe mtima ngati ine.

Mukatha

Khalani kaye pansi mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, mwagwira thonje pamalo obayidwapo. Chakumwa ndi bisiketi zimene amapereka zija si malipiro, ndi zoti thupi libwerere m'malo, ndiye landirani. Tsiku limenelo imwani madzi ambiri, musanyamule zolemera ndi mkono umenewo. Akabaza, olima kudimba, ndi inu okonda kukwera phiri kupita ku Chawe wapansi Loweruka, pumulani mpaka mawa. Pakatuwa kapena kuda pang'ono pobayidwapo musadandaule, pamatha pokha. Gawo lamadzi la magazi limabwerera pakatha tsiku limodzi kapena awiri, pamene mbali yofiirayo imatenga masabata angapo.

Zimene mudzamve kwa anthu

Mukakanena kunyumba kuti mwapereka magazi, konzekani. Agogo adzakumbutsa za anamapopa. Sitingawaseke, chifukwa mu 2017 mphekesera imeneyi inayambira cha ku Mulanje ndi Phalombe n'kufalikira m'maboma oyandikana nafe, ndipo anthu osalakwa anaphedwa pongoganiziridwa. Mantha amenewo anatsalira m'mitima. Chowayankha ndi chimene mwaona ndi maso: masana, pagulu, mwapita nokha, mwavomera nokha.

Ena amati magaziwo amakagulitsa. M'zipatala za boma wodwala salipira magazi. M'zipatala zolipira, ndalamayo ndi ya thumba, zoyezera ndi kusunga. Wina akakunong'onezani kuti mumupatse kangachepe kuti akupezereni magazi, kameneko ndi katangale, kanenani kwa ombudsman wa chipatalacho, amene amalandira madandaulo a anthu.

Abambo nkhawa yawo ndi ya mphamvu za m'nyumba. Palibe kugwirizana kulikonse. Palinso yoti ukangoyamba, magazi amachuluka m'thupi moti umayenera kumangopereka apo ayi udwala BP. Ili ndi bodza. Thupi limangobwezeretsa zimene zachoka n'kusiyira pomwepo.

Za chipembedzo ndi nkhani ina. A Mboni za Yehova, mwachitsanzo, salandira kapena kupereka magazi chifukwa cha chikhulupiriro chawo, ndipo ameneyo si woti muzikangana naye pamzere. Kupereka magazi n'kosakakamiza.

Sungani khadi, lembani tsiku

Amakupatsani khadi, ndipo pambuyo pake mumadziwa gulu la magazi anu, kaya A, B, AB kapena O. Woyamba kutulukira magulu a magazi anali Karl Landsteiner wa ku Austria kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo 14 June lija ndi tsiku lake lobadwa. Akakuuzani kuti anu ndi a negetivu, monga O negetivu, musaganize kuti akunena za zotsatira za HIV, ndi mtundu chabe wa magazi, ndipo ndi osowa kwambiri pakati pa ife anthu akuda. A MBTS asiyireni nambala ya foni imene imagwiradi, kuti adzakupezeni magazi anu akadzafunika.

Magazi sakhalitsa. M'firiji amatha kukhala masabata asanu kapena asanu ndi limodzi basi, ndipo tizigawo tothandiza kuti magazi aundane timangokhala masiku asanu. N'chifukwa chake wopereka kamodzi pa moyo wake sakwanira. Amuna amatha kuperekanso pakatha miyezi itatu, akazi miyezi inayi. Achinyamata funsani za Club 25, gulu la amene amalonjeza kupereka maulendo 25. Amene mwapereka mu September, ulendo wachiwiri ukugwera mu December kapena January, ana asukulu ali kumudzi. Ikani alamu pafoni musanachoke pa tentipo.