Makapusozi a pagolosale akulimbitsa tizilombo ta chibayo

Mwana akayamba kutsokomola, ambirife timathamangira pagolosale kukagula Bactrim kapena Amoxyl, mapiritsi anayi basi, poti ndalama ndi yomweyo. Chifuwa chikaleka, otsala timawakulunga m'kapepala kudikira tsiku lina. Chizolowezichi ndicho chikuwasowetsa mtendere madokotala m'zipatala zathu.

Chibayo komanso matenda oumitsa khosi nthawi zambiri amayamba ndi kachilombo kotchedwa Streptococcus pneumoniae, kamene kamakhala m'mphuno ndi kukhosi ngakhale kwa mwana wooneka wathanzi. Mankhwala akamwedwa mopereweza, tizilombo tofooka timafa, tolimba n'kutsala. Totsalato timaswana, n'kupatsira abale m'nyumba. Kafukufuku wa magazi a odwala pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anapeza kuti tizilomboti tambiri sitimvanso Bactrim. N'chifukwa chake pa chibayo cha ana alangizi a zaumoyo masiku ano amapereka amoxicillin (Amoxyl uja). Ameneyunso tikamamuseweretsa, atithawa.

Ndiye chitani chonchi. Chimfine wamba, cha mamina ndi kuyetsemula, sichifuna makapusozi. Mwana amwe madzi ambiri, ayamwe, apumule. Koma mugonekeni pamiyendo, mumuvule malaya, muwerenge mpweya kwa mphindi imodzi ali phee, osalira. Wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Pansi pa nthiti pakamalowa mkati pokoka mpweya, musadikire kuti kuche.

Mukapatsidwa mankhwala, mwana amwe pa nthawi yake masiku onse amene adokotala anena. Osagawirako mwana wa aneba. Osasungunulira nkhuku m'madzi akumwa, monga ndaonera m'midzi ina kukabwera chitopa. Chitopa sichimva makapusozi, katemera ndiye amachiteteza.

Zilonda zapakhosi zobwera ndi kutentha thupi musazipepuse. Mtundu wina wa Streptococcus ukalekereredwa umawononga mtima wa mwana, ndipo ena amakhala pa jakisoni wa mwezi ndi mwezi kwa zaka. Mwayi wake, umenewu umamvabe penicillin.

Katemera wa chibayo anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011. Mwana amabayidwa ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Tsegulani buku la kusikelo madzulo ano muone ngati onse atatu analembedwa.