Mmene mungathandizire a IT kumvetsa bizinesi, osati makompyuta okha

Kuofesi ina komwe ndinkagwira ntchito ku Blantyre kunali mnyamata wa IT wodziwa zinthu kwabasi, seva ikagwa sipankatenga nthawi kuti aidzutse, koma tsiku lina anaganiza zopanga update sisitimu ya akaunti pa 13 madzulo, chonsecho pa 14 ndi tsiku lomaliza kupereka msonkho wa pamalipiro wa PAYE ku MRA. Amayi a ku akaunti anakhala mpaka usiku chikwama chili pamiyendo, maso ali pa sikirini. Sanachitire dala mwanayo, kungoti panalibe anamuuzapo. Ndiye ngati mumayang'anira a IT, yambirani apa.

Choyamba apatseni kalendala ya kampani aimate pakhoma. PAYE pa 14, VAT pa 25, tsiku lamalipiro, nthawi ya ma auditor. Masiku amenewa ndi dzulo lake sisitimu isakhudzidwe pokhapokha yafa.

Kenako atulutseni mkachipinda ka maseva kaja, ndipo apa ndi pomwe ine ndimalimbikira kwambiri. Akakhale tsiku lathunthu pakauntala kapena kusitolo, osati kudzakonza pulinta ayi, kungokhala nkumaonerera. Aone ndi maso awo mzere ukutalika chifukwa netiweki ikukoka, kasitomala akufuna kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba zikukanika, mapeto ake wasiya katundu pompo wapita shopu ina, ndipo amene akutukwanidwa ndi mtsikana wapatilu yemwe sanalakwe kanthu. Munthu amene waona zimenezi mawa mukamuimbira kuti netiweki yavuta amadzuka msangamsanga. Mwezi wina apite ku akaunti, mwezi winanso ayende ndi a malonda.

Chachitatu ndi kayankhulidwe. Akafuna kupempha chipangizo, ayambe ayesera kwa inu. Akanena kuti tikufunika redundancy muwafunse kuti ndiye kuti chani, tikapanda kugula titaya zingati? Mpaka afike ponena kuti bwana, magetsi a ESCOM akathima mabatire athu sakufikitsa mpaka jenereta italira, matilu onse amaima, ndipo mtengo wa mabatire atsopano ndi uwu. Zikatero a zachuma amamva ndipo bajeti imadutsa.

Aphunzitseninso kuyankha anthu. Wina akadandaula, moni kaye, kenako ndamva bambo, ndifika 2 koloko. Zikakanika aimbe kunena kuti ndachedwa, chifukwa chomwe chimapweteka anthu si vutolo kwenikweni koma kukhala chete kwa a IT. Komanso asamalande mouse mmanja mwa munthu wamkulu nkudinadina mwachangu kenako nkumapita, amusonyeze pang'onopang'ono adine yekha. Ambiri amachita manyazi kufunsa kawiri, ndiye amangolemba password pakapepala nkumata pansi pa kiyibodi.

Inunso mabwana muli ndi mbali yanu. Musamaitane a IT mutagula kale sisitimu kuti angolumikiza mawaya, aitaneni kumitingi nkhani ikadali poyambira ndipo muwapatse mphindi zisanu ayankhule okha. Nkhani yabwino yoyambira ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 lomwe likuyang'aniridwa ndi MACRA, afotokoze mChichewa chomveka kuti manambala a foni ndi makope a ziphaso za makasitomala akusungidwa pati, ndani amatha kuwaona, ndipo laputopu ya a malonda itabedwa mminibasi lero tingatani. Mitingi ikatha khalani nawo awiriwiri muwauze pomwe anthu anagwedeza mutu ndi pomwe anayamba kuyang'ana mafoni, mwezi wamawa ayankhulenso.