Zoyenera kuchita bambo akamadzuka pafupipafupi usiku kukataya madzi

Abambo ambiri opitirira zaka 50 akayamba kudzuka katatu kapena kanayi usiku, amafulumira kuganiza kuti mphamvu zachimuna zatha, n'kuthamangira kumsika kukagula gondolosi kapena mapiritsi osadziwika bwino. Kugwirizana kwa homoni yachimuna ya testosterone ndi kukodza usiku kulipodi, koma n'kwa mbali ziwiri, choncho ndi bwino kuyamba mwafufuza musanamwe chilichonse.

Thupi limapanga testosterone yambiri munthu ali m'tulo, ndipo tulo tikamadukizaduka, homoniyi imatsika. Kumbali ina, thupi limasandutsa testosterone kukhala homoni ina yotchedwa DHT, yomwe imakulitsa prostate, kachiwalo kozungulira njira ya mkodzo pansi pa chikhodzodzo. Kakakula, mkodzo umatuluka monyinyirika, wina umatsalira, ndipo pakapita maola awiri mwadzukanso. N'chifukwa chake kuwonjezera homoni mwachisawawa sikuthetsa vutoli.

Yambani ndi kulemba kwa masiku atatu. Dulani pamwamba botolo la Sobo la malita awiri, mulichonge mizere, ndipo nthawi iliyonse mukakodza lembani m'kope ola ndi kuchuluka kwake, pamodzi ndi tiyi, thobwa kapena mowa umene mwamwa. Kwa munthu wachikulire, ngati mkodzo wa usiku, kuphatikizapo woyamba wa m'mawa, ukuposa gawo limodzi mwa magawo atatu a mkodzo wa tsiku lonse, ndiye kuti impso zikupanga mkodzo wambiri usiku, ndipo olakwa kawirikawiri amakhala kutupa kwa miyendo, mkonono wobanika nawo, kapena mankhwala okodzetsa. Ngati mukupita pafupipafupi koma ukutuluka wochepa, kayikirani prostate kapena chikhodzodzo. Kopeli, m'kuona kwanga, limathandiza dokotala kuposa kufotokoza kwa pakamwa, chifukwa za pakati pa usiku palibe amazikumbukira molondola.

Pa masabata awiri otsatira, lekani kumwa zamadzimadzi maola awiri musanagone, chepetsani mchere m'ndiwo, ndipo ngati mapazi amatupa, akwezeni pa pilo madzulo. Mankhwala a BP okodzetsa monga hydrochlorothiazide musawasiye, koma funsani achipatala za nthawi yabwino yomwera. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kuzizira kwa kuno ku Lilongwe pakokha kumawonjezera maulendo, ndiye fundani mokwanira.

Zikapanda kusintha, tengani kopelo ndi buku lanu lakuchipatala mupite kuchipatala chapafupi, kaya ku Kawale kapena ku Area 25, kumene angakutumizeni ku Kamuzu Central. Pemphani akuyezeni shuga, mkodzo ndi prostate, komanso likodzo ngati mumasamba kunyanja kapena m'madambo. Testosterone imayezedwa pokhapokha pali zizindikiro zina, monga kutha kwa chilakolako, kufooka kwa minofu ndi kusadzuka kwa chida, ndipo magazi amatengedwa m'mawa isanakwane 10 koloko, masiku awiri osiyana.

Prostate ikapezeka yokula, pali mankhwala monga tamsulosin, yemwe amamasula njira ya mkodzo m'masiku ochepa, ndi finasteride, yemwe amatsitsa DHT koma amafuna miyezi pafupifupi 6. Jakisoni wa testosterone wopanda dokotala amachepetsa mbewu ya abambo ndi kuchititsa magazi kukhala okhuthala kwambiri. Mukaona magazi mumkodzo, kapena mkodzo ukatsekeka kotheratu, pitani kuchipatala usiku womwewo.