Musapereke kiyi musanaone ndalama: malangizo kwa eni nyumba za lendi ku Salima

Eni nyumba ambiri, kuyambira pa Kamuzu Road mpaka ku Senga Bay, amapusitsidwa tsiku lopereka kiyi. Munthu amafika atatchena, akuti amusamutsa kuntchito kuchokera ku Lilongwe, katundu ali kale pa lole, afuna alowe lero lomwe. Changu chimenecho chikuchenjezeni, chifukwa akangolowa, kumutulutsa kumafuna khothi.

Msampha woyamba uli pa foni. Amakutumizirani uthenga wooneka ngati wa Airtel Money kapena Mpamba, wonena kuti lendi ya miyezi itatu yalowa. Yang'anani komwe wachokera: wabodza nthawi zambiri umachokera pa nambala wamba. Koma musadalire uthenga. Imbani *211# ngati muli pa Airtel, kapena *444# ngati muli pa TNM, muone nokha ndalama zomwe zilimo. Ena amati atumiza zopitirira, muwabwezere zapamwambazo. Mukabweza musanaone, mwawapatsa zanu. Chithunzi cha lisiti la kubanki pa WhatsApp nachonso si ndalama.

Pemphani chiphaso cha unzika chenichenicho, osati fotokope yokha. Yerekezani nkhope, ndipo dzina la pachiphaso lifanane ndi lomwe latuluka polipira. Ngati akuti amagwira ntchito pa Boma pompano, pitaniko nokha. Nambala ya "abwana" yomwe wakupatsani ikhoza kukhala ya mnzake. Funsaninso komwe ankakhala kale, mumve chomwe chinamusamutsa. Mawu a dobadoba asakukwanireni, iye akufuna yake ya tsikulo.

Chopweteka kwambiri ndi wa lendi amene amasanduka mwini nyumba. Amalipira bwino mwezi woyamba, kenako nkuyamba kuonetsa nyumbayo kwa ena ngati yake, kulandira ndalama kwa anthu awiri kapena atatu, nkusamuka usiku. Kukacha onsewo ali pakhomo panu, aliyense ndi kapepala kake. Nchifukwa chake mgwirizano ulembedwe, makope awiri, musaine nonse pamaso pa mboni. Mulembemo ndalama ya lendi, tsiku lolipira, chiwerengero cha okhalamo, komanso kuti saloledwa kubwereketsa nyumbayo kapena chipinda kwa wina. Onjezani kuti chokonza chilichonse ayambe wakufunsani, apo ayi mudzamva kuti lendi yathera ku simenti ndi penti zomwe simunazione. Adziwitseni oyandikana nawo ndi amfumu za yemwe mwamulowetsa, ndipo muzifikako mwezi ndi mwezi mutamuuziratu.

Tsiku lolowa jambulani mita ya madzi ya Central Region Water Board, manambala ake aoneke, chifukwa bilu ikatsala imatsalira akaunti yanu. Mita ya ESCOM onani ngati chidindo chake chili chosadula. Nyumba yoyaka magetsi usiku ndi usana, mbaula yamagetsi ili pamoto, koma mayunitsi osatsika, pali waya wolambalala mita, ndipo mlandu umayambira kwa mwini mita.

Akasiya kulipira, musazule chitseko, musasasule malata, musalande katundu wake, mlandu ungakutembenukireni. Mulembereni kalata yomupatsa nthawi monga mwa mgwirizano, musunge kope, ndipo akakana kutuluka kasumeni kukhothi la majisitireti. Za uthenga wabodza kapena chiphaso chachinyengo kanenani kupolisi, uthengawo musaufufute mufoni.