Mitengo yaphukira, koma yang'anani mtsinje musanakulitse dimba

Mukatsika ku mtsinje wa Linthipe kapena wa Diamphwe kumapeto kwa Ogasiti muona kuti nyengo yatembenuka. Mwera waleka, mango achita maluwa, ndipo mitengo ya mombo ndi tsamba yayamba kutulutsa timasamba tofiirira, tofewa, mvula isanagwe ngakhale dontho. Alimi ambiri akaona mphukira imeneyi mtima umakhala m'malo, amathamangira kuwonjezera mabedi a tomato ndi kabichi. Apa mpamene ndimatsutsana nawo.

Mitengoyi ikuphukira chifukwa cha kutentha, ndipo mizu yake imamwa pansi patali pomwe tomato wanu sangafike. Mtsinje wokha ukunka nuphwa, ndipo udzatsikiratu mu Okutobala ndi Novembala, nthawi yomwe mbewu yomwe mwawokera lero idzakhale ikubereka ndi kufuna madzi ambiri.

Chitani ichi, sichilira ndalama. Zikani ndodo pamalo pomwe mumatunga, mulembe chizindikiro pomwe madzi alekeza, mubwereko pakatha sabata. Mukapeza kuti atsika kwambiri, kapena miyala yomwe inali yomira yayamba kuonekera ili ndi ndere zouma, dimba lisakule. Ndi bwino mabedi 10 othirira mokwanira kusiyana ndi 30 ofota masana. Muwerengenso anzanu a kumtunda, makamaka ngati wina wabweretsa pampu ya injini.

Mabedi akhale olowa pansi kuti madzi asathawe. Phimbirani ndi udzu wouma kapena mapesi, ndipo thirirani m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka. Udzuwo muupeza kuti ngati tchire lonse mwatentha posaka mbewa? Moto wa nyengo ino umapsereza ndi mphukira yomwe.

Za m'mphepete ndinena mosabisa: khasu lisafike pagombe. Bango, nsenjere, mikuyu ndi katope zisiyeni, ndizo zimagwira dothi ndi kusunga chinyontho. Pomwe panagumuka kale mudzabzale udzu wa vetiva mvula ikakhazikika.

A tomato ku Bembeke ndi ku Lizulu, tembenuzani masamba kawirikawiri. Akangaude ofiira, tizilombo ting'onoting'ono towononga tomato, amaswana msanga kukatentha ndi kuuma chonchi, ndipo amabisala kunsi kwa tsamba.

Chizimalupsa chikagwa mu Okutobala, mbewu ya chimanga ya kumunda ikhale kaye m'thumba. Mvula imeneyo imangonyowetsa pamwamba. Kumbani ndi khasu muone pomwe chinyezi chalekeza.